Mbatata yoyanika ndi agalu a m'tsinde mwa Michesi

Mwezi wa July msika wa Migowi umadzaza ndi mbatata. Ili m'milu pansi, ili m'matumba, ina ikutsika panjinga za kabaza. Pafupi pake amayi andandalika makaka, maungu ndi matemba a ku nyanja ya Chilwa. Pakati pa miyendo ya anthu pakudutsa agalu, nthiti zili pamtunda, mphuno pansi, kufunafuna mutu wa nsomba kapena khoko la mbatata yootcha. Aliyense mwa agaluwa ali ndi kwawo, koma njala ndiyo yawabweretsa kuno.

Kuchoka pamsika ndinalowa kanjira kafumbi kolunjika kuphiri la Michesi. Mbali zonse kuli minda ya nandolo, mapesi a chimanga atagona pakati pa mizere. Khomo lililonse lomwe ndinadutsa, galu ndiye ankayamba kundilonjera. Kuno galu ndi mlonda wa khola la mbuzi ndi nkhuku, ndiye amapirikitsa anyani otsika m'phiri kudzaba m'munda, ndiponso amaperekeza anyamata kosaka. Malipiro ake nthawi zambiri ndi mkute wa dzulo kapena phala la gaga.

Pakhomo lina ndinaima kupempha madzi akumwa. Mayi wapakhomopo ananditulutsira mpando, ndipo titalonjerana maso anga anagwera pathandala. Panali makaka mbali ina, mbali inayo timizere ta mbatata yofiira mkati, totalika ngati chala. Pansi pa thandalapo kagalu kanali katagona chafufumimba, kamzere kamodzi katakapanira ndi miyendo yakutsogolo, kakutafuna ndi mano a m'mbali.

"Amayi, kodi mbatata yonseyi ndi ya agalu?" ndinafunsa.

"Iyayi bambo, ndi ya ana. Koma uyu amalandirako, apo ayi atimalizira masilipasi m'nyumba muno."

Mayiyo anandionetsa kakonzedwe kake. Amatsuka mbatata, kuifutsa pang'ono kuti isachite kufeweratu, kenako kuilenga timizere ndi kuiyanika padzuwa mpaka italimba koma ikupindikabe. Sathira mchere, shuga kapena mafuta. Chiperoni chikabwera ndi mawawa ake amaanula msanga, chifukwa mbatata ya chinyezi imachita chuku, ndipo chakudya chachuku chimawononga chiwindi cha galu monga chimachitira kwa munthu. Gaga wachuku nayenso ngosayenera kumuphikira galu.

Zomwe mayiyu amachita zili ndi maziko. Kagalu kamabadwa kopanda mano, kenako kamamera mano 28 a ubwana. Kakafika miyezi itatu kapena inayi manowa amayamba kuguluka, ndipo pofika miyezi isanu ndi iwiri amakhala atalowedwa m'malo ndi mano 42 a galu wamkulu. Nthawi imeneyi usinini umanyerenyesa, n'chifukwa chake kagalu kamaluma nsapato, mphasa ndi chingwe cha mbuzi. Kukamenya sikuthandiza. Kamafuna chotafuna. Ngakhale galu wamkulu, kutafuna chinthu cholimbirako kumamuthandiza kupala zoyanga m'mano. M'masitolo a ziweto a m'mizinda ikuluikulu, mbatata youmitsa yomweyi imagulitsidwa m'mapaketi pamtengo wokwera. Kuno ku Phalombe ili m'munda kuseri kwa nyumba. Mitundu yofiira mkati monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, yomwe inaperekedwa kwa alimi a m'Malawi mu 2011, ili ndi michere yomwe thupi la mwana komanso la galu limaisandutsa vitamini A. Dzungu lophika nalonso ndi labwino kwa galu.

Tikucheza choncho, kagalu kaja kanadzuka n'kukatola chitsononkho padzala. Mayiyo anakalanda msangamsanga, ndipo anachita bwino. Chidutswa cha chitsononkho sichigayika m'mimba mwa galu. Chimatha kutseka matumbo, galu n'kuyamba kusanza mpaka kufa. Njere ya mango kapena ya peyala ili ndi ngozi yomweyo. Mafupa ophika a nkhuku amathetheka n'kubaya kukhosi. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi a galu, choncho ndiwo zotsala zokazingira anyezi wambiri si zomutayira. Chinangwa chowawa chosavuula chili ndi poizoni, ndipo kalongonda, yemwe ife Alhomwe timamuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi ake, asayandikire galu ali wosapsa.

Mbatata yoyanika ndi chotafuna chabe, siilowa m'malo mwa chakudya. Madokotala a ziweto amalangiza kuti zotafuna zotere zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a zomwe galu amadya patsiku. Galu amafunabe zomanga thupi, ndipo timatemba tochepa tosakaniza m'phala lake la gaga timasintha ubweya ndi mphamvu zake. Pambali pake pakhale mbale ya madzi oyera.

Ndikutsanzika, mayiyo anandiuza kuti agalu ake onse amapita nawo kukabayitsa katemera wa chiwewe alangizi a ziweto akalengeza. Apa ndiye pagona nkhani. Galu wokhuta amakhala pakhomo, amagwirika pomutengera kukatemera, ndipo sayendayenda m'misika komwe angalumane ndi agalu odwala. Pafupifupi anthu onse omwe amafa ndi chiwewe amachitenga kwa galu, ndipo akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala m'deralo.

Inu a ku Migowi, Chiringa, Mpasa ndi Nambazo, pokumba mbatata chaka chino patulaniko pang'ono ya mlonda wanu. Mudyetseni, mum'patse chotafuna chosavulaza, ndipo katemera wa chiwewe asam'phonye chaka ndi chaka.