Nambala Yachinsinsi ya Amayi

Amayi anga akhala akugulitsa mpunga pamsika wa Nkhotakota kuyambira ndisanayambe sukulu. Amapikula kwa alimi a ku Bua ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, n'kukapunthitsa kuchigayo, n'kupeta, kenaka n'kukhala pabenchi lawo ndi sikelo ndi mbale yoyezera. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma sindinaonepo munthu wowaposa pa masamu a ndalama. Ndalama zawo ankamanga pamfundo ya nsalu yam'kati, ndipo usiku uliwonse ankaziwerenga pamkeka, nyali ili pambali, chitseko atatseka. Ngakhale malemu bambo sankadziwa kuti pamfundopo pali zingati. Fizi yanga yonse, kuchokera Fomu 1 mpaka kukoleji, inatuluka pamfundo imeneyo.

Amene anamasula mfundoyo ndine. Mu 2018, boma litalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso, ndinawagulira kafoni kamabatani kuno ku Lilongwe kumene ndimagwira ntchito. Chifukwa chofulumira, simukhadi ndinailembetsa m'dzina langa, n'kuwatsegulira akaunti ya ndalama za pafoni, ndipo nambala yachinsinsi ndinasankha ndekha. Cholinga changa chinali chabwino. Anzanga a kuntchito ankaufuna mpunga wa Kilombero wa amayi, koma kutumiza ndalama kudzera mwa anthu okwera minibasi kunali kotopetsa, ndipo nthawi zina zinkafika zitaperewera. Nditawapatsa foniyo anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama imene sindikuigwira ndiiwerenga bwanji?" Ndinaseka, n'kuwauza kuti dziko lasintha.

Linalidi litasintha, ndipo mbali ina chinali chifukwa cha khama la boma. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira mu 2013. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za malonda ndi mauthenga a pa intaneti komanso milandu yochitika kumeneko, ndi linanso loyendetsa njira zolipirira. Mu 2017 kunachitika kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika, moti mayi wakumudzi amene analibe pasipoti kapena laisensi anakhala ndi chomuzindikiritsa pofuna kutsegula akaunti. Chaka chomwecho World Bank inavomereza ndalama zokwana $72.4 miliyoni za pulojekiti ya Digital Malawi, imene mwa zina inaika intaneti yaulere m'malo ena opezekako anthu ambiri ndi kuphunzitsa achinyamata luso la kompyuta. Mu 2019 banki yaikulu ya dziko lino inalamula kuti mabizinesi azikhala ndi njira yoti wogula alipire popanda ndalama zogwirika. Zonsezi ndinkaziwerenga m'nyuzipepala n'kumavomereza ndi mutu. Sindinadzifunsepo kuti zikafika pabenchi la amayi zimaoneka bwanji.

Yankho ndinalipeza mu 2022. Kunabwera uthenga pamsika woti amayi ochita mabizinesi ang'onoang'ono akuitanidwa ku maphunziro a masiku awiri a momwe angagulitsire katundu pa intaneti. Amayi anandiimbira kuti ndiwaperekeze, ndipo ndinapempha tchuthi. M'holomo munali ogulitsa nsomba, tomato, kaunjika ndi mandasi. Kutsogolo kunali anyamata awiri aulemu, ovala bwino, ochokera kulikulu, ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma. Zolembedwa pakhomapo zinali m'Chingerezi, iwo n'kumamasulira pakamwa. Anatiphunzitsa kutsegula imelo, kujambula katundu pamalo owala, kutsegula tsamba la bizinesi pa Facebook, ndi kulemba keyala ya wogula kuti katundu akamupeze pakhomo. Atafunsa kuti ndi angati ali ndi foni yolowa pa intaneti, manja amene anakwera sanakwane khumi. Magetsi anazima cha m'ma 11 koloko, ndipo tinadikira jenereta mpaka nthawi ya nkhomaliro.

Masana ake mayi wina wogulitsa usipa anaimika dzanja. "Achimwene, nanga wogulayo akanena kuti watumiza ndalama chonsecho sanatumize, ndikadandaule kwa yani?" Mnyamatayo anayankha kuti funsolo ndi labwino kwambiri, tidzalikambirana mawa. Mawa lake tinajambulitsa chithunzi cha gulu, amayi aja anasaina alawansi n'kulandira masatifiketi. Ya amayi anga ilipobe, anaikoleka pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi. Sindikuwanyoza anyamata aja. Anaphunzitsa zimene anatumidwa, ndipo lipoti lawo liyenera kuti linanena zoona kuti amayi akutiakuti aphunzitsidwa. Koma funso la mayi wa usipa linabwerera kumsika losayankhidwa.

Patatha miyezi itatu, funsolo linawapeza amayi anga. Linali Loweruka, msika utadzaza. Kunabwera bambo wovala jekete, n'kunena kuti akufuna thumba lathunthu la makilogalamu 50 la ukwati wa mwana wake. Anagwirizana K85,000. Bamboyo anadinadina foni yake, ya amayi n'kulira. Uthenga umene unalowa unali wofanana ndendende ndi umene umabwera munthu akakutumizira ndalama. Amayi anaona manambala aja, koma tizilembo tapamwamba tosonyeza kumene uthenga wachokera sanathe kutiwerenga. Anamuikiranso basela ya mbale ziwiri poti n'zaukwati, wakabaza n'kunyamula thumba. Madzulo atapita kwa ejenti kukatapa, munalibe kanthu. Uthengawo unachokera pa nambala wamba, ndipo nambalayo sinapezekenso. Kukadandaula kunavuta pa chifukwa china chimene ndinachititsa ndine: akaunti sinali m'dzina lawo.

M'malo mokonza cholakwa changacho, ndinachiwonjezera. Ndinawauza kuti, "Amayi, izi zamafoni zisiyeni. Aliyense wofuna kulipira pafoni muzimupatsa nambala yanga. Ine ndizikuuzani zikalowa, ndipo ndizikutumizirani mukazifuna." Anavomera osatsutsa. Kwa miyezi ingapo zinthu zinkaoneka ngati zikuyenda. Makasitomala a ku Lilongwe anachuluka, ndinatsegula gulu la WhatsApp, ndipo zonse ndinkalemba m'kope mosamala. Ndinkadzitama kwa anzanga kuti bizinesi ya amayi ndailowetsa m'zamakono.

Usiku wina anandiimbira mochedwa, zimene sachita kawirikawiri. Anafunsa za ana, anafunsa za mvula, kenaka anakhala chete. "Kodi ndili ndi zingati kumeneko?" Ndinawauza. "Chabwino," anatero. "Ukudziwa, kale ndinkagona ndikudziwa chimene ndili nacho. Alimi akabwera ndi mpunga wotsika mtengo ndinkagula pompo, osafunsa munthu. Lero anabwera, ndinakuimbira katatu uli pamsonkhano, mpunga n'kutengedwa ndi wina. Zoti ndizipempha ndalama zanga kwa mwana amene ndinkamusambitsa, ayi, sindinaziganizepo." Sanakalipe, koma ine sindinaone tulo usiku umenewo. Ndinazindikira kuti ine ndi anyamata a m'holo aja tinalakwa mofanana. Tonse tinkayesa kuti vuto la amayi n'kusadziwa malonda amakono, pomwe malonda ankawadziwa kutiposa. Chimene foni inawalanda ndi ulamuliro pa ndalama zawo, ndipo panalibe amene anaganiza zowabwezera.

Zimene zinathandiza n'zazing'ono moti ndimachita manyazi kuti zinanditengera zaka kuti ndizione. Choyamba chinali magalasi owerengera, amene ndinagula pamsika pamtengo wosakwana wa makilogalamu awiri a mpunga. Atawavala anafuula kuti, "Kani tizilemboti timawerengeka!" Kenaka tinatenga chiphaso chawo cha 2017 n'kukalembetsa nambala yatsopano m'dzina lawo. Koma ntchito yaikulu anagwira ndi mtsikana wina wa m'gulu lawo la banki m'khonde, wogulitsa zitenje, amene anadzipereka kukhala nawo pabenchi masana aliwonse kwa sabata yathunthu, nthawi imene ogula amachepa. Za imelo sanazitchule n'komwe. Anawaphunzitsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza mpaka zala zitazolowera: foni ikalira musakhulupirire uthenga, dinani nokha muone ndalama zimene zilimo, ndipo thumba lisanyamuke nambalayo isanasinthe.

Lero amayi ali ndi foni yolowa pa intaneti imene anagula kwa munthu amene anaigwiritsapo kale ntchito. Salemba. Amatumiza mauthenga a mawu pa WhatsApp, ndipo uliwonse umayamba ndi moni wautali mtengo usanatchulidwe. Tsamba la pa Facebook lija silinatsegulidwe mpaka pano. Keyala imene tinaphunzitsidwa m'holo sinagwirenso ntchito, poti ambiri mwa ogula athu ukawafunsa kumene amakhala amati kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira. Thumba limayenda ndi kondakitala wa minibasi amene amayi anamudziwa ali mwana, kudzera ku Salima mpaka kudepoti, wogula n'kukatenga yekha. Mayi wina wokhala ku Johannesburg amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi kuti makolo ake ku Kawale azilandira mpunga. Iye ndi amayi sanaonanepo, koma amafunsana za matenda ndi maliro ngati pachibale. Malonda a pa intaneti amene ndikuwadziwa ine ndi amenewa. Foni imanyamula mawu ndi ndalama, zotsalazo amanyamula ndi anthu odziwana.

Komabe phindu limatayikira m'njira. Kutumiza kuli ndi mtengo wake, kutapa kulinso ndi wake, ndipo alimi ambiri amafuna ndalama zogwirika, choncho amayi amatapa pafupifupi chilichonse chimene chalowa. Bandulo nayo imadya mpamba. Mu 2015 boma linaika msonkho wapadera wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pafoni, kuwonjezera pa VAT. Mu 2019, chaka chomwe mabizinesi analamulidwa kulandira malipiro pamakina, nduna ya zachuma inabweretsa msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pafoni, ndipo unachotsedwa anthu atadandaula kwambiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa foni yolowa pa intaneti unawathawiratu amayi ambiri a m'holo muja. Boma limene likuitanira anthu kumsika watsopanowu ndi lomwenso laima pachipata ndi buku la malisiti.

Ndikanakhala ndi mwayi wolankhula ndi okonza mapulogalamuwa, sindikanawauza kuti asiye. Popanda chiphaso chija amayi sakanakhala ndi akaunti yawoyawo, ndipo popanda ndalama za pafoni mpunga wawo ukanathera pa Nkhotakota pomwepo. Ndikanangowapempha kuti ndalama zimene zimathera pa holo ndi jenereta azilipirako atsikana ngati wa zitenje uja, oti azikhala pabenchi ndi wamalondayo, kuphunzitsa m'chinenero chake, pa foni imene ali nayo kale. Funso la mayi wa usipa liziyankhidwa tsiku loyamba, ndipo wobedwa azikhala ndi pokadandaula pafupi, posalira ulendo wa kutauni. Pofuna kudziwa ngati ntchito yawo yaphula kanthu, asamawerenge masatifiketi. Abwerere pamsika patatha miyezi isanu ndi umodzi, akamufunse mayi aliyense kuti, kodi mungathe kudziwa ndalama zimene muli nazo popanda kupatsa wina foni yanu?

Khirisimasi yapitayi ndinali kumudzi. Mayunitsi anandithera madzulo, ndipo ndinapempha amayi kuti andigulire. Ndinatenga foni yawo mwachizolowezi, n'kudina nambala imene ndinawasankhira kale ija, poganiza kuti anasunga yomweyo. Inakana.

"Amayi, nambala yanu yachinsinsi ndi chiyani?"

Sanandiyankhe. Anandilanda foniyo, anavala magalasi, anatembenukira kukhoma n'kuphimba dzanja ndi nsonga ya chitenje. Patapita kanthawi foni yanga inalira.

"Alowa?"

"Alowa, amayi."

"Usakhulupirire uthenga, yang'ana wekha," anatero, n'kubwezera foni yawo m'kati mwa nsalu, pamalo pomwe pankakhala mfundo paja.