MCHONA WA M'NYUMBA YA OKALAMBA

Belu la m'mawa lisanalire aKapitao amakhala atadzuka kale. Cizolowezi ca kumgodi sicinawacoke, ngakhale kuti papita zaka zoposa 20 cilekere kutsika pansi pa nthaka. Amapinda bulangete lao bwinobwino, nasukusula pampopi wa kuseri, kenaka nabwerera m'cipinda kukadzutsa mnzao wakhungu amene amagona pabedi la pafupi ndi zenera. Amamugwira dzanja kumuperekeza kucimbudzi, namuyembekeza pakhomo, ndipo pobwera amamukhazika pabenci pamene dzuwa limayambira kuomba. Palibe amene anawapatsa nchito imeneyi. Anaitola okha m'caka coyamba, poona kuti manja a anchito a panyumbapo ndi ocepa.

Dzina lao lenileni lili m'buku la muofesi, koma pakhomopo onse amawaitana aKapitao cifukwa ca udindo umene anali nao kumgodi. Nyumba imene akhalamo ili m'tauni ina ya m'mbali mwa njanji, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zowerengeka zosungiramo okalamba m'dziko la Zambia. Boma lili ndi ya Maramba ku Livingstone ndi ya Chibolya ku Mufulira. Zina zili m'manja mwa mipingo, monga ya Mitanda ku Ndola imene amayang'anira a Salvation Army, ndi ya Divine Providence ku Chawama mu Lusaka imene amayang'anira masisitere a Katolika. Anthu ambiri a kumidzi ya Kum'mawa sanaionepo nyumba yotere, ndipo ena akamva za iyo amagwira pakamwa, nafunsa kuti kodi nkhalamba zimenezo zinacita kuphulika m'mwala.

AKapitao sanaphulike m'mwala. Anabadwira m'mudzi wina wa m'boma la Katete, m'banja la ana asanu, iwo okha ndiwo mwamuna. Monga mwa mwambo wa Acewa, alongo ao anai pamodzi ndi ana a alongowo ndiwo anali mbumba yao, ndipo tsiku lina iwo ndiwo akanakhala nkhoswe pa maukwati, pa milandu ndi pa maliro a pamtundupo. Koma mu 1965, ufulu uli ndi caka cimodzi, anakwera basi ya pa mseu waukulu wa Kum'mawa, naoloka Luangwa, nakalembedwa nchito pamgodi wa ku Luanshya. Potsazika anati akungofuna njinga ndi malata, akadzapeza adzabwera. Njinga anaigula m'caka caciwiri. Malata sanawasowe, pakuti kampani inawapatsa nyumba ya magetsi ndi madzi a pampopi, cipatala cinali ca kampani, ndipo ngakhale babu likapsa anali kukatenga lina kwa kampani. Anakwatira mkazi wa Cilamba, nabereka ana atatu. Kumudzi anapitako pa maliro a amai ao, ndipo pambuyo pake makalata anayamba kutalikirana mpaka analekeratu. Anthu anayamba kuwachula kuti mchona.

Zimene zinawagwetsa zinabwera motsatana ngati ng'ombe zolowa m'khola. Mgodi unagulitsidwa mu 1997, ndipo pofika mu 2000 nchito inaima. Nyumba ija ya kampani, imene anaigula pamene nyumba za migodi zinali kugulitsidwa kwa okhalamo, anaigulitsanso kuti apeze ndalama za mankhwala, popeza ana ao awiri anadwala matenda a Edzi nthawi imene mankhwala otalikitsa moyo anali asanayambe kuperekedwa ulere. Onse awiri anawaika m'manda. Wacitatu anapita ku Joni ndipo mbiri yake inathera pa Chirundu. Akazi ao atamwalira, acibale a mkaziyo anatenga zao nabwerera kwao. AKapitao analondera sitolo usiku zaka zingapo, kufikira miyendo inayamba kutupa, ndipo mwini kanyumba kamene anali kucita lendi anawatulutsira katundu panja. Anagona pamsika miyezi iwiri. Anthu a mpingo ndiwo anakauza ofesi yoona za umoyo wa anthu obvutika, ndipo mkulu wa ofesiyo anayamba wafufuza ngati pali mbale aliyense wowalandira, pakuti boma limati nyumba yotere ikhale pothawira potsiriza, zonse zikakanika. Atafunsidwa za kumudzi, aKapitao anayankha kuti kulibe munthu. Linali bodza, ndipo analinena cifukwa ca manyazi.

Munthu wolowa m'nyumbayi amayamba kudabwa ndi nthawi. Kumudzi nkhalamba imadya njala ikaipweteka kapena mdzukulu akaphula mphika, koma kuno phala limabwera belu likalira, nsima masana, nsima madzulo dzuwa lisanalowe, kuti ophika aweruke kukali koyera. Ndiwo ndi nyemba, kapenta, soya ndi masamba a m'dimba la kuseri kwa khichini. Nyama kapena nkhuku zimaoneka alendo akabwera. Njala yeniyeni palibe, ndipo aKapitao, amene anaidziwa njala ya pamsika, salola munthu kunyoza mbale ya nyemba pamaso pao. Cimene amadandaula nco cakuti mphika ndi umodzi kwa onse. Wopanda mano, wodwala shuga ndi wodwala matenda othamanga magazi amene adokotala anamuletsa mcere wambiri, onse amalandira zofanana, ndipo kapenta wouma amabwerera kukhichini m'mbale za anthu amene nkhama zao zalephera.

Nchito yaikulu ya panyumbapo sioneka kwa mlendo. Ili m'zipinda za okalamba amene sangathe kudzuka. Munthu wogona cigonere ayenera kutembenuzidwa pakapita maola awiri alionse, usana ndi usiku, apo ai khungu la m'ciuno ndi la ku zidendene limaphwanyika nkukhala zilonda zonunkha zimene sizipola msanga. Ayenera kusambitsidwa, kudzozedwa mafuta, kusinthidwa nsalu akadzionongera, ndi kudyetsedwa pang'onopang'ono atamukhazika tsonga kuti phala lisalowe njira ya mpweya. Masana pamakhala amai awiri kapena atatu ocita zonsezi. Usiku amatsala mmodzi. Mmodzi mwa iwo, mai wa ku Petauke amene wagwira pamenepo zaka zambiri, ali ndi dzanja lofewa kotero kuti ngakhale nkhalamba zaukali zimamulola kuzimeta ndi kuziwenga zala. Amayamba wagogoda asanalowe, ndipo aliyense amamuitana ambuya kapena atate. Anabwerapo wina wacitsikana amene anali kusambitsa anthu citseko cili pululu, nawalankhula ngati makanda. Sanali wankhanza, anali wofulumira cabe, koma aKapitao amati tsiku limene anabvulidwa malaya anthu akuona ndilo tsiku limene anamva ukalamba kuposa masiku onse a pamsika.

Amene amakhala m'nyumbayi ndi a mitundu yosiyanasiyana. Mnzao wakhungu uja anacokera ku Angola ali mnyamata, nagwira nchito ku migodi moyo wake wonse, ndipo ng'ala inamutseka maso onse awiri. Cinyanja sacidziwa, ndipo Cibemba cake ncothyoka, tsono awiriwa akafuna kuseka amalankhulana Cikabanga, cinenero ca pansi pa mgodi cimene ana a masiku ano sanacimvepo. Alipo ena amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Congo, anthu amene malire a maiko anawatsekera kunja kwa midzi yao. Koma si onse amene ali macona a kutali. Kucipinda ca amai kuli gogo wina amene anathamangitsidwa m'mudzi mwake, mtunda wosakwana tsiku limodzi pa basi. Mutu wake unayamba kuiwala, nayamba kuyenda usiku kufunafuna mwamuna wake amene anafa kalekale, ndipo atapezeka m'bandakuca pakhomo pa eni ake ali wosabvala, anthu anati mfiti yagwa. Kucipatala anati ndi matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena. Lamulo la dziko lino limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulolo silinamumangire nyumba yake imene inatenthedwa. Masiku ano amakhala pakhonde kusankha nyemba, ndipo amazisankha bwino koposa onse, ngakhale sadziwa kuti lero ndi laciani.

Alendo amabwera ndi nyengo. Pa Khirisimasi ndi pa 24 Okutobala magalimoto amadzaza pabwalo, matumba a ufa, shuga, sopo ndi mabulangete amaunjikidwa patsogolo, nkhalamba zimakhazikidwa pamzere, zithunzi zimajambulidwa. Mphatsozo nzothandiza ndithu, ndipo popanda izo nkhokwe ya panyumbapo sikanafika pakati pa caka. Koma mu Febuluwale ndi Malici kumakhala zii. M'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, pampu ya pacitsime inali kuima, ndipo amai aja anali kutunga madzi ocapira nsalu za odwala ndi zidebe pamutu. AKapitao ndi amuna ena awiri amene akali ndi mphamvu anali kutola nkhuni ndi kuthirira dimba ndi madzi otsukira mbale, kotero kuti repu sanafe. Akamasimba zimenezi nkhope yao imawala, pakuti m'miyezi imeneyo anali anthu ofunika.

Cimene cimawasowetsa tulo ndi maliro. Aonapo anzao ambiri akutuluka pageti ulendo wotsiriza. Bokosi limapezeka, m'busa kapena wansembe amabwera, mapemphero amacitika mwaulemu. Koma operekeza sakwana ngakhale galimoto imodzi, ndipo kumanda a khonsolo munthu amagona pakati pa alendo. Kulibe adzukulu okumba manda ndi kuseka anamfedwa kuti awapepuze mtima, kulibe mbumba yogona pasiwa, kulibe wonena mbiri ya womwalirayo. Madzulo ake bedi limacotsedwa nsalu, matiresi amayanikidwa padzuwa, ndipo sabata isanathe pamagona wina. Caka ciliconse kumapeto kwa Ogasiti, wailesi ikamaulutsa mwambo wa Kulamba kucokera ku Mkaika, aKapitao amaitengera kuseri kwa dimba kukamvera okha.

Cinenero ndico cinawaulula. Tsiku lina amai a mpingo anabwera kudzacapa ndi kusesa, ndipo mmodzi wa iwo, wobadwira ku Katete, anamva mkuluyu akukalipira nkhuku m'Cicewa ca kwao. Anawafunsa mudzi, nawafunsa mfumu, nawafunsa ciongo, ndipo iwo anayankha asanaganize. Patapita miyezi itatu kunafika mai wa zaka za m'ma 50, atanyamula kathumba ka nshawa ndi ufa woyera wa kumtondo. Anagwada patali, naomba m'manja, nati, "Atsibweni, ndine mwana wa mlongo wanu wotsiriza. Amai anamwalira akukuchulani."

AKapitao anakhala nthawi yaitali osayankha. Pomaliza anafunsa za alongo ena atatu aja, ndipo anauzidwa kuti watsala mmodzi, wosaona bwino. Anafunsa za munda wa amai ao, ndipo anamva kuti unagawidwa kalekale, monga kuyenera. Maiyo sanabise kanthu. Anati nyumba yake nja udzu, ana ndi adzukulu alimo asanu ndi awiri, ndipo cimanga sicifika Januwale. Anatinso kucipatala ca St Francis nkutali ndi mudziwo, koyenera njinga yamoto. Koma anakumbutsa kuti ku Katete ndiko boma linayambira kuyesa, mu 2007, kupereka ndalama kwa okalamba a zaka 60 ndi kuposerapo, ndi kuti thandizo la ndalama kwa mabanja obvutika linafalikira m'maboma onse, kotero akhoza kukawalembetsa. "Tiyeni kwanu, atsibweni. Cimene tidzadya ife mudzadya comweco."

"Mwana wanga," anatero aKapitao, "ine sindinakugulire ngakhale pensulo. Pa ukwati wako panakhala munthu wina pamalo panga. Ndikalowe bwanji m'nyumba mwako ndi manja awiriwa?"

Maiyo anayankha kuti zimenezo akakambe ndi mlongo wao, iye anangotumidwa.

Woyang'anira nyumbayo anawauza kuti khomo nlotseguka, ndi kuti ofesi imakondwa munthu akabwerera kwa abale ake, malinga atsimikize kuti akasungidwadi. Anawacenjezanso mosabisa kuti mankhwala ao a miyendo sayenera kudukiza, ndi kuti bedi lao likaperekedwa kwa wina, kulipezanso nkobvuta. Usiku umenewo aKapitao sanagone. Kuno kuli nsima yosalephera, madzi apafupi ndi galimoto yopita kucipatala. Uko kuli mlongo amene mwina sadzaona mvula ziwiri, ndi manda a amai ao pansi pa mitengo ya kumsitu. Ndiponso panali munthu wa pabedi la pazenera, amene anamva zonse ngakhale sadziwa Cinyanja, ndipo anatembenukira kukhoma osanena kanthu.

M'mawa mwake anapempha woyang'anira kuti atsegule buku lija la muofesi. Pamzere umene kwa zaka zonsezi panalembedwa kuti alibe wacibale, analembetsa dzina la mwana wa mlongo wao, mudzi, mfumu ndi nambala ya lamya. Analembetsanso kuti tsiku lao likadzafika asadzaikidwe kumanda a khonsolo abale asanauzidwe. Za ulendo anati adzapita kukaona mlongo wao anthu akakolola, mseu utauma, ndipo akadzafika kumeneko adzadziwa ngati ndi ulendo wobwerera kapena ai. Maiyo sanakondwe kwenikweni ndi yankholo, koma analandira, nasiya ndalama pang'ono za sopo.

Atamuperekeza pageti, aKapitao anapita ndi ufa woyera uja kukhichini, napempha mai wa ku Petauke kuti awaphikire kamphika kapadera, ndi kuti nshawazo asinjeko zothira m'masamba. Belu la masana litalira anakatenga mnzao pabenci, namusambitsa m'manja, namuikira dzanja pa mbale kuti aimve nsima ya kwao kusalala kwake.