Kumene Dothi la ku Tsangano Limakagona

Mwezi wa Febuluwale ndinali pa ulendo wokachezera mpingo wina kuseri kwa mapiri a kuno ku Tsangano. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo titafika pa kamtsinje kena tinaima nthawi yaitali kudikira kuti madzi aphwe. Madziwo anali ofiira ngati katondo. Mkulu wa mpingo amene ankandiperekeza analoza kumtunda, kumene munda wake wa mbatata ya kachewere unali utang'ambika pakati, nati, "Abusa, munda wanga ndi uwo ukupitawo." Atakhala chete pang'ono anafunsanso kuti, "Kodi dothi lonseli limakathera kuti?"

Tsiku limenelo ndinalibe yankho. Nditabwerera kunyumba ndinayamba kufufuza, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Mitsinje yambiri ya kuno, pamodzi ndi ina ya ku Macanga, imathira mu Revubue, amene amatsika kukakumana ndi Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Damu la Cahora Bassa lili kumtunda kwa malo amenewa, motero silitchinga matope athu. Zambezi amawanyamula kudutsa ku Mutarara, nalandira Shire, nakawatula m'nyanja yamchere ya India cha ku Chinde. Kumeneko matope amakhazikika pansi mwakachetechete, a chaka chino pamwamba pa a chaka chatha.

Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti alipo anthu amene anapita kukawatenga. Kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka kumapeto kwa Malichi m'chaka cha 2016, sitima ya kafukufuku yotchedwa JOIDES Resolution inayenda kuchokera ku Port Louis ku Mauritius mpaka ku Cape Town. Inaboola pansi pa nyanja pa malo asanu ndi amodzi, ndipo amodzi mwa malowo anali moyang'anizana ndi matsiriro a Zambezi, pa madzi akuya mamita oposa 400. Atsogoleri a akatswiriwo anali Ian Hall wa ku Cardiff ndi Sidney Hemming wa ku Columbia University ku America.

Sitimayi inali yaitali mamita 143, ndipo pakati pake panali nsanja yachitsulo yonga ya anthu okumba mijigo, koma yaikulu koposa. Pansi pa nsanjayo panali chiboo chofika m'madzi, mmene ankatsitsiramo mapaipi olumikizalumikiza kufikira atagunda pansi. Pobooola, sitimayo sinkaponya nangula. Makina oyendetsedwa ndi kompyuta ankaikankhira uku ndi uku, usana ndi usiku, kuti mphepo ndi mafunde zisaisunthe pamalo pake.

Anthu oposa 100 ankakhala m'menemo miyezi iwiri osaponda mtunda: akatswiri a sayansi ochokera m'mayiko osiyanasiyana, oboola, amakaniko, ophika, ochapa zovala ndi dokotala. Aliyense ankagwira ntchito maola 12 tsiku lililonse, popanda tsiku lopuma. Ena ankayamba masana kufikira pakati pa usiku, anzawo n'kulandira pomwepo. Ambiri ankagona awiriawiri m'kachipinda kamodzi, koma mosinthana, kotero kuti wina akamadzuka mnzake amakhala akukonzekera kugona. Mowa sunkaloledwa. Zipatso ndi ndiwo zamasamba zinkatha ulendo usanathe, ndipo abale awo ankangomva mawu awo pa intaneti.

Paipi ikakwera ndi matope, chimkuzamawu chinkaitana, ndipo ogwira ntchito ankathamangira panja ngakhale kukhale mdima kapena mvula. Matopewo ankatuluka m'chubu chotalika mamita 9.5. Ankachidula m'zidutswa za mita imodzi ndi theka, n'kung'amba chidutswa chilichonse pakati monga timachitira ndi nsungwi. Mbali imodzi inali yopima, ina yosunga kuti mibadwo yam'tsogolo idzapimenso. M'matope otere akatswiri amayang'ana kukula kwa timchenga, zotsalira za zomera za kumtunda ndi tizigoba ta tizilombo ta m'nyanja. Zimenezi zimawauza nyengo zimene dziko la Zambezi linalandira mvula yambiri ndi zimene linauma, zaka zikwizikwi anthu asanayambe kulemba.

Sitimayi, imene inayamba ntchito yotereyi mu 1985, inamaliza ulendo wake wotsiriza wa kafukufuku mu 2024. Matope amene inatenga akali kusungidwa m'nyumba zozizira, olembedwa manambala mosamala ngati chuma.

Nditadziwa zimenezi ndinachita manyazi. Anthu ophunzira anasiya ana awo miyezi iwiri, nagwedezeka pa mafunde, kuti atole dothi la Zambezi ndi kulisamala chidutswa ndi chidutswa. Ife eni ake timaliona likudutsa pa dooko, titapinda mathalauza, n'kumangodandaula kuti latichedwetsa ulendo. Komatu dothi lapamwamba limeneli ndilo limabala tirigu, mbatata ndi mapichesi zimene dzina la Tsangano limadziwika nazo. Likafika ku Chinde silibwereranso, ndipo feteleza wa m'thumba sangalowe m'malo mwake.

Nditakumananso ndi mkulu uja ndinamufotokozera zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, napukusa mutu, nati, "Ndiye kuti azungu aja ali ndi munda wa agogo anga m'botolo." Tinaseka, koma sabata yotsatira ndinamupeza ndi ana ake akukonza mizere yopingasa phiri ndi kubzala udzu wa vetiva m'mphepete mwa chigwembe chija.

Mvula ikadzagwanso, abale, imani pa mtsinje wa kwanu muone mtundu wa madzi ake. Kenaka kwerani kumtunda, mukaone munda umene akuchokera.