Kuseri kwa msika wa Ndirande, chitseko chakale chikusanduka gitala

Ku Ndirande chinthu sichifa kamodzi. Galimoto ikatopa mumzinda wa Blantyre, mathero ake ndi kumsika wa kuno, komwe matayala amasanduka nsapato ndi zingwe zomangira katundu panjinga, zitsulo n'kukhala mbaula, makasu ndi mawilibala. Mukangotsika minibasi, phokoso ndi lomwe limayamba kukulonjerani: nyundo za okhoma ndowa, makina owotcherera zitsulo, sowo ikulira penapake kuseri, kondakitala akuitanira anthu a ku Limbe ngati wayambana nawo. Anthu amakonda kunena kuti chimene chasowa ku Ndirande ndiye kuti m'Malawi muno mulibe. Amakokomeza, koma pang'ono pokha.

Ine chimene chinandipititsa kumeneko Loweruka lina mu July, chiperoni chitakuta phiri, ndi gitala yamagetsi. Mnzanga woimba kutchalitchi kwathu ndiye anandilozera njira: udutse msika, utsetsereke cha kumtsinje wa Nasolo, ukapitirira ogulitsa mabokosi a maliro ukhote, kenako ufunse kalipentala wa magitala. Adiresi ya ku Ndirande imakhala yotero, ndipo imakufikitsa msanga kuposa Google Maps.

Shedi yawo ndi ya malata akale, pansi pali utuchi wofika m'kakolo. Panja panali mabedi awiri osamaliza ndi kabati yodikira vanishi. Ndinawapeza akupala thabwa, pensulo ili kukhutu.

"Odi, bambo."

"Fikani achemwali. Koma dzina langa musalembe," anatero akuseka. "Eni mabedi awa angadziwe kumene Loweruka lawo limathera."

Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu iwo ndi kalipentala ngati wina aliyense: zitseko, mafelemu, mipando ya sukulu. Magitala ndi a Loweruka masana basi. Pa zaka zisanu ndi chimodzi amaliza asanu ndi awiri, ndipo agulitsapo awiri okha. Atatu anali atakolekedwa pakhoma, mkati mwenimweni komwe mvula siwomba. Imodzi inali yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, yosalala moti dzanja limangofuna kuisisita. Ataitembenuza anandionetsa timabowo titatu tomwe anatseka ndi tizidutswa ta thabwa. Pamenepo mpamene panali mahinjesi. Gitalayo inali chitseko cha mbawa cha nyumba ina yakale yomwe inkagwetsedwa.

Nkhani ya matabwa ndiyo inatidyera nthawi, ndipo m'pake. Thabwa laliwisi limapindika likamauma. Pa bedi mutha kupirira, koma khosi la gitala likapindika ngakhale pang'ono, nsambo zimakhula pazitsulo kapena kutalikira zala, basi ntchito yonse yapita m'madzi. Amisiri amawerengera kuti thabwa lokhuthala inchi imodzi limafuna pafupifupi chaka kuti liume bwino pamthunzi, pamene thupi la gitala limakhuthala pafupifupi mainchesi awiri. Ndani angadikire? Chitseko chomwe chakhala panyumba zaka makumi angapo chinauma kalekale, chinaona dzinja ndi chilimwe, sichisunthanso.

Mbawa yathuyi si mtengo wamba. Ili m'banja limodzi ndi mahogany, mtengo womwe kampani ya Gibson ku America imapangira magitala ake otchuka a Les Paul, ndipo mitengo ya mtundu wa mbawa imagulitsidwa kwa opanga magitala kunja pa dzina loti African mahogany. Mu 2022, mayiko a m'pangano la CITES atakumana ku Panama anaika mbawa, mlombwa ndi abale awo a mu Africa pamndandanda wa mitengo yomwe matabwa ake sangatuluke m'dziko popanda chilolezo. Koma simufunika kupita ku Panama kuti mumvetse chifukwa chake. Ingotulukani m'shedimo muyang'ane kumtunda. Phiri la Ndirande linali ndi nkhalango, ndipo inathera m'nkhwangwa m'zaka za m'ma 1990. Lero mumaona miyala ndi minda. Pamsika wa matabwa pamadzaza paini ndi bulugamu, ndipo mbawa yeniyeni ukaipeza mtengo wake umakubweza.

"Paini nayenso amalira," anatero bambowo, akugogoda thabwa ndi chala pafupi ndi khutu langa. "Koma ndi wofewa. Thupi atha kukhala paini. Khosi ayi."

Khosi ndiye pali masamu, ndipo apa ndinaona kuti kope lawo lothimbirira ndi guluu lili ndi nzeru zoposa manotsi anga ena a ku koleji. Amatsata muyezo wa magitala a Fender: kuchokera pomwe nsambo imayambira kumutu kufika pomwe yakhazikika pathupi ndi mamilimita 648. Timizere tachitsulo ta pakhosi, tomwe oimba amati ma fret, sitiikidwa mwachisawawa. Mumagawa 648 ndi 17.817, yankho lake ndi mamilimita 36 ndi kanthu pang'ono, ndipo pamenepo ndi pa kachitsulo koyamba. Zotsalazo mumagawanso ndi nambala yomweyo kuti mupeze kachiwiri, choncho mpaka kumapeto. Ka nambala 12 kamayenera kugwera pakati penipeni, pa mamilimita 324. Mukaphonya ndi milimita imodzi yokha, gitala imanama, ndipo ngakhale agogo osadziwa nyimbo amamva kuti china chake chalakwika. Mkati mwa khosi amabisamo kandodo kachitsulo kokhala ndi nati, chifukwa nsambo zisanu ndi imodzi zikamangidwa zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 40 kapena kuposa, usana ndi usiku.

Za magetsi si zawo. Zimenezo ndi za mphwawo, mnyamata wa msinkhu wanga amene amakonza mafoni pa kabenchi kumsika. Anafika cha m'ma 2 koloko, chikwama kumsana.

"Bho sisi? Malume akuuzani kale kuti popanda ine gitala zawozi ndi nkhuni?"

Sanali kunama kwenikweni. Gitala yamagetsi ilibe mimba yokuza mawu ngati gitala wamba. Chomwe chimagwira mawu ndi kachipangizo kotchedwa pickup: maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, mu wayamo mumabadwa timagetsi tochepa kwambiri, ndipo ampulifaya ndiyo imatikuza mpaka kumveka kutsidya kwa msewu. N'chifukwa chake nsambo za nayiloni sizigwira ntchito pamenepa. Pickup imodzi ya mtundu wa Fender imafuna kuzunguliza waya maulendo pafupifupi 8,000. Mnyamatayu amazunguliza ndi kamota ka makina osokera, ndipo powerengera analumikiza kaswitchi ku batani la kakyuleta yakale, moti gudumu likazungulira kamodzi nambala imakwera yokha. Waya ukaduka pa 6,000, umayambiranso pa ziro. Anati anaphunzira pa YouTube usiku, ma bundle akatchipa.

Ena akamva zoterezi amati ndi umphawi chabe. Ine sindivomereza. Gitala yamagetsi yathabwa lolimba inabadwira m'mashedi ngati momwemu. Cha m'ma 1940, woimba wa ku America Les Paul anamanga nsambo ndi pickup pa chipika cha paini, ndipo anachitcha The Log. Leo Fender anali wokonza mawailesi, sankadziwa n'komwe kuimba gitala. Brian May wa gulu la Queen anayamba kupanga gitala yake ndi bambo ake mu 1963, khosi lake analisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo osonkhera moto m'nyumba, n'kuikamo masipuling'i a njinga yamoto, ndipo waimba nayo moyo wake wonse. Kwathu kuno mwambowu ndi wakale: Allan Namoko ndi banjo yake, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni wake wa nsambo imodzi, Madalitso Band yomwe inachoka m'misewu ya Lilongwe n'kukaimba ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha. Chodabwitsa n'chakuti ifeyo timayamba kuwaombera m'manja azungu akaombera kaye.

Nanga bwanji osapanga bizinesi? Anapukusa mutu. Zomangira nsambo, waya wa ma fret ndi nsambo zenizenizo amachita kugula, zina kuitanitsa kwa anthu obwera pabasi kuchokera ku Johannesburg. Mukaphatikiza ndi Maloweruka a miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, gitala ya ku China ya m'sitolo imatchipa kuposa yawo. Mayi a kunyumba nawonso amadziwa kuwerengera: chitseko cha mbawa chikakonzedwa n'kugulitsidwa chikhalire chitseko, ndi thumba la ufa ndi fizi ya mwana. Kuchidula kuti chikhale gitala ndi mlandu wofuna kukambirana usiku. Ndipo mphwawoyo pasipoti anatenga kale, akungosonkhanitsa ya basi.

"Akapita ameneyu, waya uja ndani adzazungulize? Maso angawa sauonanso," anatero motsitsa mawu, mwini wake atatuluka kukagula chingwe.

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndiye tinadikira tikudya chinangwa chophika. Atayaka cha m'ma 4 koloko, Ndirande yense anadzuka nthawi imodzi: mawailesi, zigayo, makina owotcherera. Analumikiza gitala yofiirira ija ku ampulifaya yaing'ono. Choyamba kumveka chinali kulira kwa "mmmm" ngati njuchi zili m'chidebe. Mnyamata uja sanadandaule. Anatsegula kumbuyo, n'kupeza kuti waya wopita ku chitsulo chogwira nsambo wamasuka, anauwotcherera, njuchi zija zii.

Kenako malume ake anapukuta manja pa ovolosi n'kuyamba kukhwatcha. Si katswiri, zala zawo n'zolimba ndi mpala wa matabwa, koma mawu anatuluka onenepa, otentha, ochedwa kuzima. Ana anadzaza pakhomo. Mayi wina wogulitsa tomato anavina masitepe awiri beseni lili pamutu, kenako anasuzumira mkati.

"Akalipentala, kabati yanga ija ndiye imeneyi mukuimbayi?"

"Lachitatu, mayi. Lachitatu ndithu."

Pondiperekeza ku siteji anandiuza kuti amva za nyumba ina yakale ku Nyambadwe yomwe akuigwetsa, ndipo akuti ili ndi zitseko zinayi zolemera. Lolemba alawirira m'mamawa ndi wilibala yobwereka, kuti akafike ogula nkhuni asanafike.