Ndinapempha ndowa, anandiyankha za ukwati

Abale, ndikufuna kuchitira umboni za chaka changa choyamba ku Dar es Salaam. Ndikakumbukira m'mene ndinaloweramo mumzinda umenewo, ndimadziwa kuti si nzeru zanga zimene zinandisunga.

Ndinanyamuka ku Lilongwe mu Ogasiti 2017, nditapeza ntchito yothandiza kutulutsa padoko galimoto zimene a Malawi amaitanitsa ku Japan. Basi inadutsa Mzuzu ndi Karonga, tinaoloka Songwe, kenako Tukuyu, Iringa, Morogoro, mpaka kukatsika pa depoti ya Ubungo ku Dar miyendo itatupa. Mantha ndinalibe. Ndinkati ku Tanzania n'kwathu komwe: nsima amadya ngakhale amaitcha ugali, nyumba amati nyumba, moto amati moto, mbuzi ndi mbuzi. Anzanga opita ku Joni ndiwo ndinkawamvera chisoni. Kufananako n'kumene kunandigwetsa, poti ndinkayenda ngati mwini mudzi, osafunsa munthu.

Sabata yoyamba yomwe, abwana anati tikumane padoko mawa "saa tatu". Tatu ndi zitatu, chovuta n'chiyani? Ndinachapa zovala, ndinadya, n'kukafika 3 koloko masana, ndikudzitama kuti ndakumbukira kusuntha wotchi, poti Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Ndinapeza anthu atatopa kale n'kunditukwana. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa ndiye saa moja, choncho saa tatu ndi 9 koloko. Mapepala anali m'chikwama mwanga, galimoto inagona padoko, ndipo ndalama ya tsiku limenelo inadulidwa pa malipiro anga.

Chipinda anandipezera ndi dalali, mmodzi wa anthu aja amene amadyera kupezera anzawo nyumba. Chinali ku Kigogo, chakumunsi, mtengo wake wosaboola m'thumba. Ndinalipira lendi ya miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi, n'kuonjezera ya mwezi umodzi ya dalaliyo. Nyumbayo inali ya Chiswahili: khomo limodzi, kanjira pakati, zipinda mbali ndi mbali, mabanja asanu, ndi bwalo kuseri kumene aliyense amaphikira. Pakhoma la chipinda changa panali mzere wotuwa wolekeza m'chiuno, umene penti yatsopano inalephera kuubisa. Ndinauona. Sindinafunse.

Mwini nyumba anali gogo wamasiye wachisilamu, amene aliyense ankamutcha bibi. Ine ndinkangowadutsa ndi "mambo", moni umene ndinatola kwa anyamata a m'madaladala, minibasi za kumeneko, osadziwa kuti ndi moni wa achinyamata okhaokha. Iwo ankangondiyang'ana. Ndinkati mwina sakonda alendo.

Tsiku lina madzi anasiya kutuluka pampopi. Ndinatuluka kubwalo, amayi onse ali pa mbaula zawo, n'kulunjika kwa mdzukulu wa bibi, mtsikana wachisodzera amene ankakonza nsomba. Ndi Chiswahili changa chonse ndinati, "Naomba ndowa." Bwalo lonse linati zii. Mtsikana anagwetsa mpeni n'kuthawira m'nyumba, ndipo amayi aja anaphulika nako kuseka, wina mpaka kukhala pansi atagwira nthiti. Kumeneko ndowa amati ndoo. Ndoa ndi ukwati.

Bibi okha sanaseke. Anaitana mnyamata wodziwako Chingerezi kuti andiuze: "Chibadwire sindinaonepo munthu wofunsira mbeta asanaphunzire kupereka moni kwa akulu." Thukuta linandituluka kuposa la padoko. M'mawa mwake ndinaima pakhomo pawo, n'kuwerama pang'ono, "Shikamoo, bibi." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Marahaba, Mnyasa." Dzina limenelo linandikanirira mpaka lero.

Musaganize kuti zonse zinakoma pomwepo. Kutentha kwa ku Dar sikuona kuti kwada. Umagona utanyowa, n'kudzuka utanyowa. Nyemba amathira kokonati, mpunga kokonati, masamba kokonati, ine mtima uli pa chigwada chotendera. Magetsi tinkasonkherana pa mita imodzi ya LUKU, ndipo mayunitsi akatha maso onse ankagwera mlendo amene wagula fani. Pamsika wa Kariakoo ndikangotsegula pakamwa mtengo unkakwera. Ngakhale mawu oti kuuza anandipereka, poti kwa iwo kuuza ndi kugulitsa. Pofika Khirisimasi ndinaimbira mayi a kunyumba kuti ndikubwerera. Anandifunsa funso limodzi lokha: fizi ya ana mu Januwale ichokera kuti? Ndinakhala.

Chimene ndinasintha n'choti madzulo ndinaleka kudzitsekera m'chipinda. Ndinkakhala pakhonde, ana a m'nyumbamo n'kumandiphunzitsa mawu akundiseka, bambo wa ndevu zanga. Zinkandiwawa, koma ndinkabwerera mawa lake.

Chakumayambiriro kwa Epulo 2018, mvula ya masika itayamba, bibi anandigogodera atanyamula ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro. "Ndowa yako ija ndi iyi," anatero, akutchula mawuwo m'Chichewa changa chomwe. Anandilamula kuti ndiikemo pasipoti, chilolezo chogwirira ntchito ndi pepala lililonse lofunika, nditseke bwino, ndiimangirire ku mtanda wa denga. Ndinafuna kuseka. Anandilozera mzere uja pakhoma, osanena kanthu. Apo m'pamene ndinazindikira chimene chinatsitsa lendi: nyumbayo inali m'chigwa cha mtsinje wa Msimbazi, ndipo ine ndinaiona mu Ogasiti, kuli gwa.

Patapita masiku ochepa mvula inagwa usiku wonse osapuma. Ndinadzidzimuka ndi chibakera pachitseko: "Mnyasa, amka!" Kuponda pansi, madzi m'akakolo. Pamene tinkatulutsa ana anali m'mawondo, akuda, onunkha ngalande, akukokolola mbaula ndi nsapato. Ine ndinabereka kamnyamata kamene kankandiphunzitsa kuwerenga manambala, tinagwirana manja mumdima, n'kukwera kumtunda kwa m'bale wa bibi. Kutacha tinamva kuti pa Jangwani, m'chigwa chomwecho, msewu watsekeka, mabasi othamanga otchedwa mwendokasi aima, ndipo ena m'chigwamo sanatuluke amoyo.

Titabwerera, madzi anali atafika pa mzere uja ndendende. Matiresi, zovala, wailesi, zonse zinali matope okhaokha. Ndowa inali lende kudenga. Ndinaitsitsa manja akunjenjemera. Pasipoti youma. Chilolezo chouma. Mapepala a galimoto zitatu za eni ake ouma. Akananyowa amenewo, ntchito ikanatha tsiku lomwelo, ndipo sindidziwa kuti ndikanawauza chiyani anthu amene anatumiza ndalama zawo zonse ku Japan. Ndinagwada m'matope momwemo n'kulira ngati mwana.

Sabata yotsatira malungo anandigwetsa. Amayi aja amene anandiseka ndiwo ankasinthana kundibweretsera phala, wina n'kundiperekeza kuchipatala pa bajaji. Ine ndinakulira mu CCAP, ndipo ndinkapemphera kuti Mulungu anditumizire M'malawi mnzanga woti andithandize. Ananditumizira gogo wachisilamu amene ndinamuchitira mwano milungu iwiri yathunthu. Ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha iye.

Lero ndimakhala kumtunda, banja langa linanditsatira, ndipo ana anga amandikonza Chiswahili. Mdzukulu wa bibi anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Tanga. Pa ukwati wake ndinapereka ndowa, anthu n'kusekanso kachiwiri.

Inu amene mukukonzeka kuoloka Songwe kukakhala ku Dar, dalali akakuonetsani chipinda chotchipa, yang'anani khoma musanatulutse ndalama, ndipo mufunse oyandikana nawo kuti madzi amalekeza pati mu Epulo. Koma muyambe mwawapatsa moni.