Galimoto Yosadikira Kuuzidwa

Galimoto zambiri zimene zikufika m'midzi mwathu masiku ano, monga Toyota Sienta, Vitz ndi Passo, zidayamba zayenda ku Japan, ndipo zimatipeza kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Zochuluka mwa izo n'za otomatiki. Kuno kwa Nchema, m'boma la Chiradzulu, anyamata amanena moseka kuti galimoto yotere ngakhale agogo angayendetse, poti ilibe kilachi. Ife amene timasunga ana a eni pa madrasa mawuwo satiseketsa, chifukwa pabwalo pamene galimoto zimanyamukira ndi pomwenso ana amasewera.

Galimoto ya manyuwo, dalaivala akalakwitsa ponyamuka, kawirikawiri imangodumpha n'kuzima. Ya otomatiki sizima ayi. Giya ikangofika pa D kapena pa R, injini yayamba kale kukoka matayala, ndipo chimene chaigwira ndi buleki basi. Phazi likachoka pa buleki, imayamba kuyenda yokha, munthu asanaponde moto. Luso lonse lonyamuka bwino lagona pa kamasulidwe ka buleki.

Tikalowa, timamanga lamba, n'kuika phazi lamanja pa buleki giya ili pa P, popeza injini imalira pa P kapena pa N pokha. Ikalira, phazi likadali pomwepo, timasuntha giya n'kuyang'ana ndi maso chilembo chimene chayaka, pakuti R ndi D zatalikirana ndi malo amodzi okha, a N. Kenako timatsitsa handibuleki, timaona m'magalasi ndi kucheuka, timayatsa indiketa, ndipo timakweza phazi pang'onopang'ono. Galimoto ikayamba kukwawa yokha, m'pamene phazi lomwelo limapita pa moto, mopepuka ngati tikuponda pa mkeka pamene pagona khanda. Phazi lamanzere lilibe ntchito. Amene adazolowera kilachi akaliiwala, limathamangira pa buleki ndi mphamvu zonse, okwera n'kugunda mipando.

Malo athu nawo ali ndi mayeso ake. Ife kuno tili ndi zitunda ndi matope a m'dzinja, pamene inu abale a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli ndi mchenga. Pachitunda timasiya handibuleki itagwira, timaponda moto pang'ono kufikira timve galimoto ikufuna kupita, ndiyeno timaimasula. Kuigwira pachitunda ndi moto wokha kumatenthetsa mafuta a m'giyabokosi, ndipo kukonzetsa giyabokosi ya otomatiki kumadya ndalama zambiri. Pamatope ndi pamchenga, woponda moto mwaukali amangozunguza matayala n'kudzikumbira dzenje. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodekha amatuluka pamene wopupuluma watitimira. Tikumbukenso kuti batire ikatha, otomatiki silira pokankha. Imafuna mawaya ndi batire ina, osati gulu la ana lothandiza kukankha.

Chimene chimatidetsa nkhawa koposa ndi mamita ochepa oyamba aja. Mwana wa zaka zitatu akaima kumbuyo kwa Sienta saoneka pagalasi lililonse, ndipo ana amakonda mthunzi wa galimoto yoima. Pa Lachisanu, anthu akamatuluka mumzikiti, kapena madzulo ana akaweruka, dalaivala amakhala akutsanzika anzake pazenera giya ili kale pa D. Phazi likafooka pang'ono pomwe iye akucheza, galimoto yolemera kuposa tani imodzi imasuntha popanda phokoso.

N'chifukwa chake timapempha makolo ndi madalaivala amene amafika pabwalo lathu zinthu ziwiri zosalira ndalama. Musanalowe, zungulirani galimoto kamodzi, musuzumire kumbuyo ndi pansi pake. Ndipo malonje onse ndi kutsanzikana zithe giya idakali pa P. Ana amenewa tidangosungitsidwa, ndipo madzulo aliwonse kuli mayi amene akudikira wake pakhomo.