Ng'ombe za amalume ndi mapaundi a sukulu

Kalata yondiitana kukaphunzila digili yaciwili ya zacuma ku England inafika mu February 2020. Ndinali pa nchito ku Lusaka, ndipo ndinaiwelenga katatu pa foni ndisanauze munthu aliyense. Yunivesiti inati idzandicotsela gawo lalikulu la fizi, koma mapaundi 6,000 ndilipile ndekha m'zigawo zitatu. Madzulo omwewo ndinatenga pepala n'kuyamba kuwelengela. Paundi imodzi inali pafupi-fupi K19, ndiye kuti panafunika K114,000. Zimene ndinasunga pa zaka zinayi za nchito zinali zokwanila lendi, cakudya, visa ndi tiketi ya ndeke cabe.

Za fizi zinacokela kwa amalume ku Katete. Anagulitsa ng'ombe 12 ndi puloti imene anali nayo ku Chipata. Pondipatsa sanakambe zambili. Anangoti, "Iwe ndiwe unaphunzila za ndalama. Udziwa mosungila."

Ndinazisunga m'makwacha, mu akaunti yopatsa ciwongola dzanja. Ndinali ndi cifukwa cake, ndipo panthawiyo cinali kumveka canzelu. Mu 2015 kwacha inagwa kwambili, koma caka cotsatila inabwelelako mphamvu. Itayambanso kugwa mu March 2020, pamene matenda a korona anatseka maiko, ndinadziuza kuti ndi mantha cabe a pamsika, zidzatha. Kugula mapaundi nthawi imeneyo ndinaona ngati kugula cimanga mu January, mtengo uli pamwamba. Pofika nthawi yopempha visa paundi inali itadutsa K23, ndipo kuti ndalama zionekele zokwanila mu akaunti masiku 28 amene lamulo lifuna, mlongo wanga anacita kundibweleka zake mwezi wathunthu. Olo pamenepo sindinasinthe maganizo.

Ndinafika kumpoto kwa England mu September, n'kukhala masiku 14 m'cipinda osatuluka. Maphunzilo anayamba pa Zoom ndili momwemo. Milungu yoyamba inali ya masamu okha-okha. Pa digili yoyamba ndinali wodziwika polemba nkhani zazitali za umphawi ndi migodi. Kuno mphunzitsi anali kudzaza tsamba lonse ndi zilembo za Cigiliki, kenako n'kunena kuti zotsalazo n'zoonekelatu. Kwa ine sizinali kuonekela. Anzanga ena a ku China ndi ku India anali kumaliza mafunso ine ndikali kufuna-funa poyambila. Ndinagula buku lakale la masamu, ndipo usiku uliwonse ndinali kubwelela ku zinthu zimene ndinali kuganiza kuti ndinazisiya ku Grade 12. Manyazi analipo, koma vuto la masamu limatha ukalikhalila pansi.

Mu October ndinalipila gawo loyamba, mapaundi 2,000, paundi ili ca m'ma K26. Ndalama zoposa K50,000 zinapita tsiku limodzi.

Pa 13 November 2020, England ili m'kati mwa kutsekedwa kwaciwili, Zambia inalephela kulipila madola 42.5 miliyoni a ciwongola dzanja ca Eurobond, ndipo inakhala dziko loyamba mu Africa kulephela nkhongole m'nthawi ya korona. Mlungu wotsatila tinali ndi phunzilo la zacuma ca pakati pa maiko. Mphunzitsi anati mwamwayi tili ndi citsanzo catsopano, ndiponso tili ndi munthu wocokela komweko. Anachula dzina langa. Nkhope zonse za pa kompyuta zinali kuyembekezela.

Ndinakamba zimene tonse timakamba m'minibasi: andale, katangale, misewu yodula mopitilila. Sizinali zabodza, koma ndinali kudzimva ndekha kuti ndikungodandaula, sindikufotokoza ciliconse. Mtsikana wina wa ku Argentina, dziko limene nalonso linalephela kulipila mu May caka comweco, ananditumila uthenga wa pambali wondilandila m'gulu lao. Ndinaseka ndekha m'cipinda, koma m'maso munali mutatentha.

Mphunzitsi sanatsutse zimene ndinakamba. Anangofunsa kuti nkhongoleyo inali m'ndalama yanji, ndipo boma limatolela misonkho m'ndalama yanji. Kenako anatiuza za dzina limene akatswili awili, Barry Eichengreen ndi Ricardo Hausmann, anapatsa vuto limeneli mu 1999. Analicha original sin, kutengela chimo la Adamu limene munthu amabadwa nalo. Maiko ngati athu sakwanitsa kukongola kunja m'ndalama yaoyao. Amakongola m'madola, pamene gawo lalikulu la misonkho limabwela m'ndalama ya kwao. America ikakongola imabweza m'madola amene imasindikiza yokha. Ife tikakongola timabweza m'ndalama ya eni ake, pa mtengo umene sitiulamulila.

Onani mmene zinayendela. Eurobond yoyamba, ya madola 750 miliyoni, tinaitenga mu 2012, dola ili pafupi-fupi K5 tikawelengela m'kwacha ya masiku ano. Ina ya madola 1 biliyoni inabwela mu 2014, ina ya 1.25 biliyoni mu 2015. Pofika kumapeto kwa 2020 dola inali ca m'ma K21. Nkhongole ya 2012 ija, popanda kuwonjezelapo dola ngakhale imodzi, inali itakula kanayi ukaiwelengela m'makwacha. Ena amati nanga si tili ndi kopa amene amagulitsidwa m'madola. N'zoona, koma mtengo wa kopa ukatsika ndi pamenenso kwacha imagwa, ndiye madola amacepa nthawi yomweyo imene nkhongole ikulemela.

Phunzilo likali m'kati ndinatsegula dilowa n'kutulutsa pepala langa la mu February lija. Zonse zinali pamenepo m'zolemba zanga: ndalama za amalume m'makwacha, fizi m'mapaundi, ndi ciyembekezo cakuti mtengo udzabwelela. Anzanga anali kulemba notsi za Zambia, ine ndinali kuwelengela gawo laciwili.

Mu January ndinalipila paundi ili pafupi K29. Zotsala mu akaunti, pamodzi ndi ciwongola dzanja cimene ndinali kunyadila cija, sizinakwane mapaundi 500. Gawo lacitatu linali kufunika mu April.

Visa ya wophunzila imalola kugwila nchito maola 20 pa mlungu. Malesitilanti anali otseka, koma m'nyumba zosungilamo katundu wogulidwa pa intaneti anali kufuna anthu. Ndinayamba kulongedza makatoni usiku, pa mapaundi 8.72 pa ola. M'mawa ndinali kutsegula Stata maso ali ofiila. Ndinalembelanso ofesi ya zandalama pa yunivesiti kupempha kuti andisunthileko tsiku, ndipo anandipatsa mpaka July. Kukonzanso nkhongole yanga kunatenga maimelo awili. Zambia inapempha zofananazo kudzela m'dongosolo la G20 kuciyambi kwa 2021, koma pangano ndi maiko oikongoza, la madola 6.3 biliyoni, linafika mu June 2023.

Amalume sindinawauze mpaka March. Ndinali kuyopa mau ao aja akuti udziwa mosungila. Tsiku limene ndinalimba mtima ndinafotokoza mozungulila, ndi mau a m'kalasi, mpaka anandidula.

"Ukamba kuti ndalama zinacepa cifukwa ca dola?"

"Inde, amalume."

"Nanga sunagule mapaundiwo pamene ndinakupatsa?"

"Sindinagule, amalume. Ndinali kuganiza kuti adzachipa."

Anakhala cete pang'ono. Kenako anandiuza kuti iwo feteleza wa caka cimeneco anagula atangogulitsa soya, osayembekezela mvula, cifukwa feteleza amayenda ndi dola ndipo sanamuonepo akutsika mtengo kuti akondweletse mlimi. Sanandikalipile. Anafunsa ngati ndikudya bwino, n'kupeleka foni kwa azakhali.

Nkhani ya feteleza ija ndi imene inandipatsa mutu wa kafukufuku wanga womalizila: mmene kugwa kwa kwacha kumafikila pa mitengo ya m'sitolo, ndi miyezi imene kumatenga. Manambala ndinatenga ku Bank of Zambia ndi ku Zambia Statistics Agency. Pamene ndinali kulemba, pakati pa 2021, kukwela kwa mitengo kwathu kunali kutadutsa 24 pelesenti. Masamu amene anandiliza mu September ndi amene anandithandiza kusiyanitsa gawo la kwacha ndi gawo la zinthu zina, monga zokolola. Pa ici digili ija ndimaiyamikila. Cimene sindinacipeze m'mabuku athu ambili ndi munthu ngati amalume, amene alibe akaunti ya madola koma amadziwa kusunga cuma cake m'ng'ombe ndi m'matumba a feteleza. Wacinyamata akandifunsa lelo za kukaphunzila kunja, ndimayamba ndi masamu, kenako ndimamufunsa kuti ndalama zake zili m'ndalama yanji.

Gawo lomaliza ndinalipila mu July 2021, ndi mapaundi a makatoni. Mu September, zisankho zitapita, ndinayamba kutumiza ndalama kwa amalume kuti ndibweze. Kwacha inali italimba mwadzidzidzi, dola itatsika kucoka pa K22 kufika ca m'ma K16. Tsopano ine ndinali ndi mapaundi, nkhongole yanga ili kumudzi, ndipo paundi iliyonse inali kufika ku Katete itacepa.

Ndinawaimbila kuti tigwilizane ciwelengelo ca makwacha amene ndiyenela kubweza. Anati za puloti tidzakamba ndikadzabwela, koma zinazo iwo sanandibweleke kwacha. Anandibweleka ng'ombe 12, ndipo afuna ng'ombe 12, zazikazi zikhale zosacepela zisanu ndi zitatu. Pofika mwezi watha ndabweza zisanu ndi ziwili.